Dengu la a Zakeyu

Ana a masiku ano akamva kuti m'laini ya pa esiteti tinali ndi munthu woika amphawi, amaganiza kuti anali mkulu wa mpingo, wofatsa, woyenda ndi buku m'khwapa. Aaa, ayi ndithu. A Zakeyu anali chilombo cha munthu. Aafupi, chifuwa ngati mtondo, khutu limodzi loduka, ndipo ngakhale moni ankapereka ngati akukalipa. Ine Lestina ndikulankhula pano ndinawaona ndi maso angawa akugulula dzino la munthu chifukwa cha nkhuku imodzi. Koma mukandifunsa kuti ankalipira ndani maliro a ife osauka zaka zimenezo, ndikuuzani kuti tinkalipira tonse, ndipo otilipiritsa anali iwowo, ndi chibonga.

Ife tinali obwera. Ndinaoloka Ruo ndili mtsikana, tikuthawa Apwitikizi, n'kudzagwera m'manja mwa mzungu wa tiyi kuno ku Thyolo. Anatipatsa pomanga kanyumba ndi kamunda ka chinangwa, ife n'kumabweza ndi thukuta la thangata. Eni dziko ankatitcha Anguru, potiseka. Madzi tinapeza, nkhuni tinapeza, koma manda tinalibe, ndipo palibe mudzi umene unkafuna mlendo pakati pa akufa ake.

A Zakeyu sanali a mtundu wathu. Anali Amang'anja, obadwira pomwepo tiyi asanabwere. Mzungu atalanda malo, abale awo onse anasamukira ku Nsabwe, iwo anakana. Pakati pa tiyi panatsala kankhalango ka manda a kwawo, kamene ngakhale mzunguyo anachita nako mantha kudula, ndiye iwo anati sangasiye mayi awo okha pakati pa alendo. Anakhala okhaokha m'kanyumba ka pafupi ndi msewu, ntchito yawo kudula mabulugama a nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale.

Nkhondo ya Jeremani ndi imene inawaononga, kapena ndinene kuti inawapanga. Anawagwira ngati mtengatenga, osenza katundu wa asilikali. A mudzi wawo anapita khumi ndi awiri, anabwerako atatu. Nkhaniyi sankaikonda, koma akalawa kachasu inkatuluka yokha. Munthu akagwa panjira, msilikali ankangotula katundu pamutu pake n'kusenzetsa wina, ulendo n'kupitirira. Mng'ono wawo Bizwick anamusiya motero pansi pa mtengo, akupumabe, akuitana. A Zakeyu anataya katundu kuti abwerere, msilikali anawamenya ndi thako la mfuti, ndipo khutu lija linatsala komweko.

Tsono mvetsani mmene mzungu ankaikira anthu ake. Wantchito akafa, ku ofesi ankatulutsa chiguduli chong'ambika, n'kumasula amuna awiri theka la tsiku. Kuseri kwa fakitale kunali chigwembe chotayako phulusa. Ankangopalasa kufika m'mawondo, kuponyamo munthu, kukankhira phulusa, basi. Mvula ikagwa, agalu ankatibweretsera abale athu pakhomo, fupa limodzilimodzi. Mawu akuti "upita kuphulusa" anali chitukwano chachikulu m'laini monse, choposa kutukwana mayi wa munthu.

A Zakeyu atabwera kunkhondo ndi kuona zimenezi, anatitsekulira m'mphepete mwa manda a kwawo aja. Abale awo anachoka ku Nsabwe kudzakalipa kuti Anguru sagona pamodzi ndi makolo awo, iwo anawathamangitsa ndi nkhwangwa mpaka kumtsinje. Kenaka anaika lamulo lawo, ndipo silinkasintha. Munthu aliyense wofera pa esiteti ino alowa pansi atakulungidwa m'bafuta woyera ndi mphasa. Dzenje lifike m'khosi mwa wokumba, ndipo pansipo pakumbidwe kachipinda kam'mbali kogonekamo mtembo, kuti dothi lisamugwere kumaso. Adzukulu, anthu okumbawo, adye nkhuku ndi ufa wabwino, chifukwa wachibale sakumba manda a m'bale wake.

Nanga zonsezi zichoke kuti, anthu ake ife ovala nsalu imodzi chaka chonse? Apo ndi pamene panali dengu. Maliro akagwa m'nyumba yopanda kanthu, a Zakeyu ankatenga dengu lakale lotcholera tiyi kumanzere, chibonga kumanja, n'kuyambira kumapeto kwa laini. Kuodira sankakudziwa. Ankagunda chitseko kamodzi, gu! "Maliro." Basi, mawu ake omwewo. Iwe unkatulutsa chimene uli nacho, kaya mbale ya ufa, kaya nandolo, kalongonda, mazira awiri, kachingwe ka fodya, kobiri ngati lakugwera. Iwo n'kusenza kupita nazo ku sitolo ya Mmwenye pa msewu wa ku Khwethemule kukasinthitsa ndi bafuta. Zikapanda kukwanira, ankaonjezera za m'thumba mwawo, n'chifukwa chake anafika pokalamba akugona pa chikopa, opanda ngakhale bulangeti.

Wokana ankaona zakuda. Everson, mwamuna womana ngati chule wa m'chitsime, anabisa nkhuku yake m'mphika n'kuvundikira, n'kulumbira pali Mulungu kuti alibe kanthu. Nkhukuyo inalira. A Zakeyu sanakambe zambiri, anangomupatsa chibakera chimodzi, dzino linagwera m'fumbi, nkhuku inalowa m'dengu. Aphunzitsi a ku mishoni, a Winston, anapita kukawadzudzula kuti chopereka chokakamiza sichikondweretsa Ambuye.

"Aphunzitsi," anatero a Zakeyu, "wakufa sadikira kuti mtima wanu ufewe. Amanunkha."

Tinkawada, musandimve molakwa. Ana ankathawa akawaona, ndipo ife amayi tinkawanena kuchitsime kuti ali ndi mankhwala, akudya nawo akufa. Koma kwa zaka khumi ndi zingapo palibe wa m'laini yathu amene anapita kuphulusa.

Tsiku langa linafika ndi dzanja la Goodson. Ameneyo anali kapitawo wathu, ndipo ulemu sindimupatsa ngakhale lero. Anali munthu wakuda ngati ife tomwe, wophunzira pang'ono, wovala kabudula wa khaki ndi nsapato zimene mzungu anataya. M'manja mwake simunkachoka chikoti cha chikopa cha mvuu. Akakwiya ankamenya, akakondwa ankamenyanso, ndipo atsikana ankadziwa kuti mzere wa tiyi wa kumapeto sapitako wekha.

Mwamuna wanga Amosi anadzuka ndi malungo m'mawa wina wa dzinja. Ndinamuuza kuti agone, iye anati tikiti ikapanda kudulidwa tidya chiyani. Anapita kukapalira. Dzuwa litakwera miyendo inakana, anakhala pansi pa mtengo mgwazo wake usanathe. Goodson anamukokera kushedi ya sikelo, kumene ife amayi tinali pamzere ndi madengu kumsana, n'kulamula amuna awiri kuti amugwire chafufumimba. Wogwira miyendo anasankha dala mng'ono wake weniweni wa Amosi, mlamu wanga Fabiano.

Chikoti cha mvuu sichilira ngati ndodo, abale inu, chimang'amba. Cha chitatu malaya anatseguka, cha chisanu khungu linatseguka. Amosi analira ngati mbuzi, akuitana mayi ake amene tinawasiya kutsidya. Pofika khumi ndi zisanu anasiya kulira, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa Goodson, ati akumuderera. Anataya chikoti n'kuyamba kumuponda ndi nsapato zija m'nthiti ndi m'mimba. Ine ndinaponya dengu kuti ndithamangire, amayi anzanga anandigwira n'kunditseka pakamwa. Fabiano anali gwa, manja pa akakolo a mkulu wake, misozi ikugwera pa mapazi omwewo.

Amosi anakodza magazi masiku awiri, lachitatu anapita. Ku ofesi anati wafa ndi malungo, n'kutumiza chiguduli.

Ndinalibe kanthu ine, ngakhale nkhuku ya diso limodzi. Ndinakhala pansi ndikuyang'ana chigudulicho, kenaka ndinamva kumapeto kwa laini, gu! "Maliro." Gu! "Maliro." Ndikunena zoona, palibe nyimbo ya m'tchalitchi imene inandikomerapo ngati kugunda kumene kuja. A Zakeyu anamusambitsa okha Amosi, anamukulunga m'bafuta watsopano, anamuika m'kachipinda kake bwinobwino. Nditagwada kuti ndithokoze anandikankha ndi phazi pang'ono.

"Dzuka iwe. Dengu ili lidzafikanso pakhomo pako."

Linafikadi, kambirimbiri, ndipo sindinalibweze chabe ngakhale kamodzi. Koma ndinadziuza mumtima kuti tsiku langa lomaliza pasadzaguluke dzino la munthu chifukwa cha ine. Ndinagulitsa nandolo zaka ziwiri, ndikudya chinangwa chokhachokha, mpaka ndinagula bafuta wangawanga, mikwamba inayi. Ndinamupinda, ndinamuika mumtsuko, ndinamata pakamwa pake ndi dothi kuopa makoswe. Ndinalibe mwamuna, ndinalibe m'bale wa bere limodzi m'dziko lino, koma ndinali ndi nsalu yanga yopitira.

Choipa chitsata mwini. Kunabwera mzungu wina watsopano, ndipo anapeza kuti Goodson ankagulitsa chimanga cha phoso la antchito. Anamugoneka pa shedi yomwe ija, n'kumukwapula ndi chikoti chake chomwe ife tikuonerera. Anamulanda nyumba ya kapitawo, anamulanda kabudula, munthu uja n'kukathera m'kachisakasa kumapeto kwa laini ndi mkazi wake Rhoda, mtsikana wosalankhula wa ku Kapichi amene anamukwatira mochita kuopseza makolo. Anayamba kutsokomola magazi. Anagulitsa nsapato, anagulitsa mphika, abale ake sanabwere, ndipo palibe wa ife anakamuzonda. Anafa Lamulungu m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuotcha ngati ng'anjo.

Sindibisa, ndinaimba nthungululu. Sindinali ndekha, laini yonse inali phwando. Fabiano anatenga chitini n'kumaimba akuvina, amuna anasonkhana kuseri kwa nyumba yake ndi mowa wa dzulo. "Apite kuphulusa! Agalu akamulawe!" Tinkaseka mpaka kugwirana mapewa.

Ndiye tinamva. Gu! "Maliro."

Poyamba tinayesa nthabwala. Koma anali iwo ndithu, dengu kumanzere, chibonga kumanja, imvi mbuu, akuyenda nyumba ndi nyumba monga mwa masiku onse. Zitseko zinatsekeka chimodzichimodzi. Anathyola ziwiri, anapeza eni ake athawira pawindo ndi ufa wawo. Atafika pakhomo panga m'dengu munali mazira atatu ndi kachinangwa, ndipo ngakhale likanadzaza, Mmwenye Lamulungu sankatsekula. Ine ndinaima pakhomo ndi munsi m'manja.

"Tulutsa bafuta uja, mkazi wa Amosi."

"Bafuta wake uti?"

"Usandichedwetse. Ndinalipo pa sitolo tsiku unagula."

"A Zakeyu, mwapenga kodi? Nsalu yanga ine, ya thukuta langa, ikafunde galu amene anapha mwamuna wanga?"

"Ndikudziwa anamupha. Ndinamusambitsa ndine Amosi, msana wake ndinauona kuposa iwe."

"Ndiye mukufuna chiyani pano?"

"Amene anapha mwamuna wako kulibe, wapita m'mawa uno. Kwatsala mtembo, ndipo mtembo sunamenyepo munthu. Ndidzakugulira wina ndikalandira."

"Mukapha ine kaye."

Anangondikankha ngati akukankha mbuzi. Ine ndinakweza munsi ndi kuwamenya paphewa ndi mphamvu zanga zonse, iwo anatembenuka n'kundiwomba khofi limodzi, ndinakagwera pa mafuwa. Anayang'ana uku ndi uku, anaona mtsuko womata uja, anauphwanya ndi chibonga, phwa! Bafuta wanga anatuluka woyera mbee. Ndinawalumphira, ndinawaluma pamkono mpaka ndinamva mchere wa magazi m'kamwa, ndipo atandikutumula ndinatuluka panja ndikukuwa.

"Mayo ine! Akundipha! Alamu, akundipha kuno!"

Apa ndiyenera kunena chilungamo, poti ndakalamba ndipo bodza silindithandizanso. Sankandipha ayi. Khofi lija linali litasiya kale kuwawa. Ndinakuwa dala, ndipo ndinkadziwa bwino amene abwere ndi chimene abwere nacho.

Anabwera asanu ndi awiri, Fabiano patsogolo, Everson wa dzino uja pambuyo pake, aliyense ndi mpini wa khasu. Anakumana nawo pabwalo a Zakeyu akutuluka, nsalu ili m'khwapa.

"Ikani pansi nsaluyo, madala," anatero Fabiano. "Lero lokha dengu lipume."

"Iwe Fabiano, ukufuna kumenya amene anakugwiritsa miyendo ya mkulu wako. Wachedwa. Unayenera kumumenya tsiku lomwelo."

Mawu amenewo ndi amene anayatsa moto. Fabiano anakuwa ngati nyama n'kulumpha. A Zakeyu anamulandira ndi chibonga pachipumi, magazi anatsika kumaso ngati wathiridwa madzi. Wachiwiri anamuthyola dzanja, tonse tinamva kulira kwa fupa. Koma anali nkhalamba imodzi, dzanja limodzi lili pa nsalu. Everson anawazembera kumbuyo n'kuwamenya m'mawondo, anagwa. Ndipo atagwa sanadziteteze kumutu monga achitira munthu aliyense, anangokumbatira bafuta uja pamimba n'kumugonera kuti asade.

Anawapuntha ngati akupuntha mapira. Mipini inkakwera ndi kutsika, kumsana, m'nthiti, m'khosi, aliyense akutulutsa zake, wina nkhuku yake ya kale, wina chitseko chake, wina mkazi wake amene Goodson anamutengera kumzere wa kumapeto. Ndinamva nthiti zikuthyoka ngati mapesi ouma. Fabiano, osaona bwino ndi magazi, anataya mpini n'kuyamba kuwaponda ndi chidendene, akulira, akutchula dzina la Amosi. Ife amayi tinazungulira. Palibe analetsa, ndipo ine ndinali kutsogolo.

Analeka chifukwa chotopa, osati chifukwa cha chisoni. Ndiye mulu wa fumbi uja unagwedezeka. Anadzuka ndi mawondo, kenaka ndi phazi limodzi, analavula magazi ndi zidutswa za mano, n'kuyang'ana nsalu ija mbali zonse. Inali ndi kadontho kamodzi kokha pakona.

"Mwatha?" anafunsa, mawu akutuluka ngati mluzu. "Amene watha akatenge khasu, tikakumbe."

Palibe anakatenga khasu. Anatola dengu lawo n'kumapita dzandidzandi kumapeto kwa laini.

A Zakeyu ndi Rhoda anamusambitsa Goodson, awiriwiri. Anamukulunga m'nsalu yanga, mphasa anayala yawo ya Rhoda yogonera. Onyamula panalibe, ndiye anazula chitseko cha kachisakasa kaja n'kumukoka nacho, mtsikana kutsogolo, nkhalamba kumbuyo, kudutsa m'mizere ya tiyi mpaka kumanda. Ife tinatsatira chapatali ngati ana otsatira wamisala, n'kukaima m'mphepete mwa nkhalango.

Inu mukudziwa kuti manda sakumba munthu mmodzi. Amakumba mosinthana, wina m'dzenje, ena pamwamba akupuma, akusereulana, akusuta fodya. Tsiku limenelo kunali khasu limodzi. Khu. Khu. Dothi la Okutobala, louma ngati mwala. Rhoda anapempha kuti awalandire, anamukalipira kuti mkazi sakumbira mwamuna wake. Tinaona mutu wawo ukutsika pang'onopang'ono, m'chiuno, m'chifuwa, mpaka unabisika, n'kumangooneka dothi likutuluka. Wina pakati pathu anati, "Afika m'khosi, atuluka tsopano." Koma khasu linapitirira, mawu ake atasintha, ndipo tinadziwa kuti ayamba kachipinda kam'mbali. Kachipinda, abale, ka Goodson!

Mtima wanga unayamba kundiluma pamenepo. Ndinafuna kunena kuti amuna inu lowani mukawathandize, koma ndinayang'ana nkhope ya Fabiano yomangidwa sanza, ndinameza mawu. Khasu linayamba kudumphitsa. Khu, kenaka kanthawi, khu. Dzuwa litapendeka khasu lija linaleka.

Rhoda anasuzumira m'dzenje, anaitana kawiri, kenaka anabwera kwa ife akuthamanga. Aka kanali koyamba kumumva akukweza mawu.

"Agogo aja sakuyankha! Thandizeni, sakuyankha!"

Tinawapeza atagwada, mutu uli m'kachipinda kaja, khasu lili m'manja. Magazi anali atatuluka m'kamwa ndi m'mphuno n'kupanga matope pansi. Kachipindako kanali katatha, kosalala bwino, anali atakasesa ndi manja.

Maliro amene analirika pamenepo sindinawamvepo. Amayi omwe aja a nthungululu anadzigwetsa m'tiyi. Everson ankadzimenya mutu pa mtengo. Atawatulutsa ndi kuwavula sanza zawo kuti awasambitse, tinaona msana, ndipo kulira kunasanduka mantha. Unali wakuda bii, wotupa, nthiti zikuyenda pansi pa khungu ukakhudza. Woyamba kulankhula anali Fabiano.

"Mzungu akaona izi mawa, aitana asilikali a boma. Tonse asanu ndi awiri ndi chingwe."

"Tikaitane abale awo ku Nsabwe," anatero wina.

"Kuti adzaone msanawu?" anatero Fabiano. "Ayi. Aikidwe lero. Tidzati dothi linawagumukira."

Amayi achikulire anavomera, ati ndi mwambo womwe, manda sagona pululu, akagona amaitana wina. Onani mmene mwambo umakomera ukagwirizana ndi mantha. Dzenje linalipo, lokumbidwa bwino kuposa onse amene ndinaonapo. Nkhuku zinapezeka nthawi yomweyo, zitatu, ufa unabwera wodzaza malichero, kuchokera m'nyumba zomwe zija zinalibe kanthu m'mawa. Koma bafuta? Munthu amene anafunditsa akufa athu onse, tikamuike m'chiguduli? Anthu anayang'anana, kenaka maso onse anapita pansi pa mtengo, pamene Goodson anagona woyera mbee pa chitseko chake. Aliyense anaganiza, palibe anafuna kunena.

Ndinanena ndine.

"Nsaluyo ndi yanga. Ndinagula ndekha, ndipo ndipatsa amene ndikufuna."

Ndinapita ndekha kukamasula. Rhoda anaona chimene ndikudzera, anadziponya pa mtembo n'kuukumbatira.

"Amayi, chonde. Amayi, ndagwira mwendo wanu. Iwo aja afera nsalu imeneyi kuti ikhale apa."

"Choka."

"Mwamuna wangayu anandimenya inenso, amayi, kuposa nonsenu. Onani mkonowu. Koma ndi munthu."

Anandigwiradi mwendo, manja onse awiri. Ndinamukoka tsitsi, sanasiye. Ndiye ndinakweza phazi linalo n'kumuponda pakamwa, mlomo unang'ambika, anagwa chagada. Ndinamasula zingwe, ndinagwira nsonga ya nsalu n'kukoka mwamphamvu, mtembo unagubuduzika kawiri n'kugwera m'fumbi chafufumimba. Anali ataonda ngati nkhuni, ndi mizere ya chikoti kumsana. Ndinayembekeza kuti ndimva kukoma, sindinamve kanthu.

Tinawaika bwino a Zakeyu, sindinama. Tinawasambitsa ndi madzi ofunda, tinawakulunga m'mikwamba inayi yonse, mphasa ya Rhoda tinatenganso. Amuna omwe anawapha ndi amene anawatsitsa, mosamala ngati akunyamula mazira, n'kuwagoneka m'kachipinda kamene anakumba okha. A Winston anafika ndi buku, tinaimba nyimbo zitatu. Ndinalira mpaka mawu anatha, ndipo misozi imeneyo inali yeniyeni. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa, kuti akanatha kudzuka akanatiphwanya mitu tonse n'kuvula nsaluyo.

Titamaliza kuunda mtumbira tinatembenuka kuti tizipita, ndipo m'pamene tinamuona Rhoda. Anali atamutembenuza mwamuna wake, atamupukuta fumbi kumaso. Anaimirira, magazi akutsika pachibwano, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi. Kenaka anamasula nsalu yake, imodzi yokhayo imene anali nayo, yabiriwita yong'ambikang'ambika, n'kufunditsa mtembo kuyambira kumutu. Sinafike kumapazi. Iye anatsala chilili mmene anabadwira, pamaso pa amuna onse, pamaso pa aphunzitsi ndi buku lawo. Sanadziphimbe ndi manja. Anatola khasu la a Zakeyu, anapita pambali pa mtumbira watsopano, n'kuyamba kukumba.

Amuna anazyolika, anabalalika m'tiyi aliyense njira yake. Amayi anakokera ana awo kumaso. Palibe anamulanda khasu, palibe anamuponyera kanthu. Ndinatsala ine pambuyo pa onse, ndipo anandiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kukumba.

Tsiku limenelo, poti linali Lamulungu, ndinali nditavala nsalu ziwiri, ina m'chiuno, ina pamapewa. Ndinabwerera nazo kunyumba zonse ziwiri.